Kumanzere kwa a Dalaivala

Amuna anga anauza wodi yonse kuti ine sindibwera kudzawaona. Ananena zimenezo ine ndili pomwepo, pampando wapulasitiki m'mbali mwa bedi lawo, ndikuwapaka mafuta dzanja limene linafooka ndi sitiroko.

"Akazi anga anditaya," anatero akuyang'ana achemwali awo. "Chindigonekereni muno, sanapondemo ngakhale phazi."

Achemwali awowo, alamu anga, anali atakhala tsidya lina la bedi, cha kuwindo. Anandiyang'ana ndithu. Mukuganiza kuti anati, "Achimwene, akazi anu si awa?" Ayi. Anangopukusa mutu n'kuti, "Idyani, achimwene. Chibale n'fupa, sichiola." N'kuwapatsa mpunga umene ndinaphika ine ndisanapite kuntchito. Ndinatsonya mpaka bambo wa bedi loyandikana anatembenuka.

Amuna angawa aliyense amawatchula kuti a Dalaivala, ngakhale ana athu omwe. Anayendetsa mabasi mpaka imvi zinamera, ndipo ine ndinawadziwira momwemo, ndili mtsikana, ndili kondakitala wawo. Malo anga anali pakhomo la basi, kumanzere kwawo. Anthu akatha kukwera ndinkamenya chitsulo cha basi ndi chikhatho kawiri, pha! pha! kutanthauza kuti tiyeni. Madalaivala ena akangomva zimenezo ankaponda moto osacheuka n'komwe, kondakitala udzionere wekha. Koma awa ayi. Ankayamba atembenuza mutu n'kuyang'ana pagalasi la kumanzere. Tsiku lina ndinawazazira kuti akutichedwetsa, iwo n'kuti, "Ine sindinyamuka ndisanamuone kondakitala wanga." Basitu, chitsiru ine, ndinakwatiwa nawo chifukwa cha mawu amenewo.

Ndiye munthu yemweyo lero azikana kundiyang'ana?

Poyamba ndinalibe chikayiko kuti ndi kunyanyala. Pa nkhani yonyanyala bambo amenewa alibe mnzawo. Tikakangana kunyumba amatha sabata akulankhula ndi mphaka: "Iwe, ukawauze amayi ako kuti malaya anga a buluu sindikuwaona." Ndipo m'mawa wa tsiku limene anagwa m'bafa tinali titayambana. Ndikuchapa ndinapeza mapiritsi awo a bipi atasungunuka m'thumba la buluku, kusonyeza kuti sankamwa, ankangondinamiza. Ndinalalata, ndipo sindikupepesa, lero lomwe ndikhoza kulalatanso. Choncho nditawapeza kuchipatala atapotolera khosi kuwindo, ndinati mumtima: chabwino, nyanyalani. Ine sindizungulira bedi kukakuvinirani pamaso.

Bedi lawo linali lomaliza, lapakona. Kumanja kwawo kunali windo ndi kampata kokwana mpando umodzi, ndipo alamu anga anakalanda tsiku loyamba lomwe, n'kuikapo chikwama, pilo ndi kawailesi kawo kosatseka pakamwa. Alamuwo anapuma ntchito kalekale, ndiye ankaswera pomwepo. Ine ndimasita zovala kuhotela. Ndinkathamangira kuchipatala masana pa nthawi yopuma, n'kubweranso madzulo ndikaweruka, msana ukuwawa, zala zitatupa ndi simbi. Ndikalowa pakhomo ndinkafikira kumanzere kwawo, komwe kunali dzanja ndi mwendo zofooka zija. Ndinkazipukuta, kuziwongola, kuwenga zikhadabo, kuona ngati pasakuyamba chilonda. Ntchito imeneyo alamu sankaikhudza, ati imawachititsa mantha.

Kusandiyang'anako ndikanapirira. Chimene chinkandidya mtima n'chakuti ndikalankhula ankamva ndithu, koma n'kuyankha achemwali awo. Ndikati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" iwo ankamwetulira cha kuwindo: "Ndadzuka bwino, achemwali, zikomo pondifunsa." Ndikati ndabweretsa malaya ochapa, "Mulungu akudalitseni, achemwali." Ndipo alamu anga ankalandira madalitso angawo ndi manja awiri, manyazi n'komwe.

Ndinawakokera pakhonde. "Alamu, bwanji simuwauza kuti ndine?"

"Ndiwauze chiyani? Maso ali nawo, adokotala anawayeza. Munthu akakana kukuyang'ana, pamakhala chimene unamuchita. Inuyo mukuchidziwa."

Ndikanakhala kuti ndidakali kondakitala, ndikanawatsitsa pa siteji yomweyo.

Nkhani inafika mpaka kwa mwana wathu wamkazi amene amakhala kutali. Anandiimbira ndili pakati posita. "Amayi, ndalankhula ndi adadi pafoni ya azakhali. Akuti simukupitako. N'zoona?" Mwana amene ndinamubereka ine kundifunsa kuti n'zoona! Ndinaiwala simbi pa malaya a mlendo mpaka fungo linandikumbutsa.

Panali zina zodabwitsa, koma mkwiyo unali utanditseka m'maso. Ankadya mbali imodzi ya mbale n'kumadandaula kuti chipatala chino n'chomana. Atawapatsa lezala anameta tsaya limodzi mpaka see, linalo n'kulisiya ngati thengo. Bambo wa bedi loyandikana uja, amene anali mbali yanga, anayesa kundithandiza: "Akulu, akazi anu si awa apa?" A Dalaivala anafunsa achemwali awo chifukwa chake akulankhula ndi mawu aamuna. Tsiku lina anaitana nesi n'kumuuza kuti wina waiwala dzanja lake m'bedi mwawo, abwere adzatenge chifukwa likuwalemera. Wodi yonse inafa ndi phwete. Ine sindinaseke, chifukwa dzanja limenelo ndinali nditaligwira ine, ndipo linali ndi mphete yathu ya ukwati.

Nesi amene anabwerayo nayenso sanaseke. Anali mayi wamtali wa mawu okhuthala, odwala ankawatchula kuti a Sajeni chifukwa akalowa m'wodi ngakhale wotsokomola ankayamba wapempha. Anali atangobwera kumene kuchokera kutchuthi. Anaima kumapazi kwa bedi, n'kuyang'ana mbale yodyedwa theka ija, tsaya la ndevu lija, kenako ine. Anangogwira mbaleyo n'kuizunguza, mbali yotsala mpunga n'kupita kumanja.

"Ehee!" anatero amuna anga. "Mwawonjezera tsopano. Mwamva chisoni."

Ndinayang'anitsitsa mbaleyo.

A Sajeni anandikodola kuti tituluke. "Ndinu ndani wawo?"

"Ndine mkazi wawo wosabwera uja."

"Mayi, bambowa sakukunyanyalirani. Sitiroko inagunda ubongo mbali ya kumanja, ndiye ubongowo wasiya kulabadira chilichonse cha kumanzere. Maso ali bwino, makutu ali bwino, koma kwa iwo dziko likuthera apa." Anadzilemba mzere ndi chala kuchokera pamphumi kutsikira pamphuno. "Mawu anu amawamva, koma amawapereka kwa amene akumuona. Choipitsitsa n'chakuti iwo sakudziwa kuti pali chimene chikusowa. Mukawatsutsa, wabodza ndinu."

"Ndiye kuti nthawi yonseyi..."

"Kwa iwo simunabwerepo."

Mwina mkazi wina akanalira. Ine ndinapsa mtima kuposa kale, kungoti ndinasowa womupsera. Ndinawafunsa chifukwa chake panalibe amene anandiuza, anthu ovala zoyera ali mbwee m'chipatala chonse. Anati m'wodi yodzaza chonchi aliyense amaganiza kuti mnzake wafotokoza kale. Anapepesa. Kupepesa kwake kunali kouma ngati buledi wa dzana, koma ndinalandira.

Ndinalowa, n'kuzungulira bedi, n'kuwauza alamu kuti apinde miyendo ndidutse. Ndinaima pakati pa windo ndi nkhope ya amuna anga. Maso awo anandipeza nthawi yomweyo, ndipo mtima wanga wopusawu unadumpha ngati wa mtsikana.

"Oho," anatero. "Mwakumbukira kuti muli ndi mwamuna?"

"Bambo, ndakhala ndikubwera tsiku ndi tsiku. Ndimakhala mbali iyo."

"Mbali iti? Bodza paukalamba, amayi? Ndili ndi maso ine. Amene wandisamala ndi mlongo wangayu. Mwabwera kudzaona ngati ndafa?"

Ndinawauza za mpunga, za malaya, za zikhadabo. Anati zonsezo ndi achemwali. Ndinazunguliranso kuti ndikatenge botolo la mafuta ndiwaonetse, ndipo ndisanalitole n'komwe ndinamva akuti, "Mwaona, achemwali? Apita kale. Sanakhale ndi pansi pomwe."

A Sajeni anati ndikhoza kumapita kumanja kukawapatsa moni, palibe akundiletsa, koma ntchito yeniyeni ili kumanzere. "Tikamawaikira zonse kumanja adzazolowera theka la dziko. Adzatuluka muno n'kumagunda zitseko, dzanja ili lidzapsa pambaula iwo osadziwa. Ayenera kuphunzira kutembenuza mutu n'kufunafuna. Inu khalani pomwe mumakhalapo, kuti tsiku limene atembenuke apeze munthu."

Anamata tepi yofiira pachitsulo cha bedi cha mbali yanga. Anasamutsa kapu ya madzi, sopo ndi kawailesi ka alamu n'kuziika pakabati yachitsulo imene inali pambali pa mpando wanga. Nthawi ya chakudya ankazimitsa wailesi ya kanema ya m'wodi n'kukoka katani, ati phokoso ndi piringupiringu zikachuluka ubongo wovulala umangogwira chapafupi n'kutaya zina zonse. Kenako ankaima kumapazi.

"A Dalaivala, tembenuzani mutu mpaka muone chofiira. Pitirizani. Pitirizanibe."

Mutu unkayenda pang'onopang'ono, kufika pakati, n'kuima ngati wagunda khoma. Thukuta lili kamukamu. "Kulibe kanthu uko, asisitala. Mukungondivutitsa."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero a Sajeni kwa ine. Ndinawauza kuti kudekha kwanga kunathera pabasi, anthu akukana kusendera.

Alamu sankakhulupirira chilichonse, ankati zimenezi n'zopeka za ine ndi nesi wanga. Ndiye tsiku lina a Sajeni anawagwira mkono. "Bwerani, amayi, muime apa pali alamu anu." Anawazungulitsa bedi n'kuwaimika pafupi nane. Nthawi yomweyo a Dalaivala anayamba kuyang'anayang'ana kuwindo.

"Achemwali? Achemwali apita kuti? Nawonso anditaya?"

"Ndili pano, achimwene!"

"Kuti?"

Ndinaona nkhope ya alamu anga ikutuwa. Anathamanga, mayi wamkulu wathunthu, kugunda phazi pa chitsulo cha bedi, mpaka anakafika pampando wawo n'kugwira dzanja lawo lamanja. "Ndili pano, ndili pano." Ndinati tsopano amvetsa, nkhondo yatha. Ha! Anamvetsadi, n'chifukwa chake kuyambira tsiku limenelo sanapondenso kumanzere ngakhale mwangozi.

A Sajeni akangotuluka, alamu ankatambasula dzanja pamwamba pa bedi n'kubweza zonse kumanja. Wailesi, kapu, sopo. Tepi ija anaimatula, ati ikuoneka ngati pachitika ngozi. "Munthu wodwala mukumubisira madzi? Nkhanza zimenezi!" Ine n'kubweza, iwo n'kubwezanso. Kawailesi kaja kanayenda maulendo ambiri kuposa basi ya amuna anga.

Ndisaname, alamu anga amawakonda achimwene awo. Anawalera okha makolo atamwalira, ndipo ndinawapezapo kuchimbudzi akulira atatsegula mpopi kuti asamveke. Koma chikondi chawo n'chomwetsa munthu ndi sipuni mpaka manja aiwale ntchito. Ndipo chinkawakomera kukhala munthu yekhayo amene watsala padziko la mchimwene wawo. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, ndipo zinkandinyansa.

Kenako adokotala anati bedi likufunika, a Dalaivala akhoza kukachirira kunyumba n'kumabwera kudzachita mafizo. Anawafunsa ngati kunyumba kuli wowasamala.

"Ndipita kwa achemwali," anayankha osaganiza n'komwe. "Kwanga kulibe munthu."

Ine ndili pomwepo, beseni lili m'manja.

Ndinawapeza a Sajeni akukankha katebulo ka mankhwala. "Auzeni! Ndinu a chipatala, akumverani."

"Ndawauza, ndipo alamu anu ndawauzanso. Koma bambowa mutu wawo ukugwira pa zina zonse. Sindingawamange n'kuwapereka kwa inu ngati katundu. Akasankha, asankha."

"Akapita kumeneko akawaika pakona, zonse kumanja. Ine ndizikagogoda ngati mlendo, ndipo adzafa akudziwa kuti ndinawataya."

"Ndikudziwa."

"Mukungodziwa basi?"

Anaima n'kundiyang'ana, maso ofiira ndi kutopa. "Mayi, ine ndili ndi tepi ndi pakamwa. Chimene chingakoke mutu uwo sindinachipezebe. Ena amatembenukira fungo, ena nyimbo, ena kulira kwa mdzukulu. Inu mwakhala nawo zaka zonsezi, ine ndawadziwa dzana."

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Ndinabweretsa sopo amene ndimasambira, iwo n'kuti achemwali mwanunkhira lero. Ndinaimba nyimbo ya kutchalitchi imene amaikonda, anayamikira wailesi. Ndinatsegula fulasiki ya tiyi pafupi ndi mphuno yawo, anatambasulira dzanja kuwindo. Ndinafika powatukwanira m'khutu chapansipansi, anafunsa achemwali awo kuti awalakwira chiyani.

Tsiku lotuluka ndinapempha kuntchito kuti ndichoke msanga. Ndinapeza alamu atalongedza kale, zikwama zili pabedi, mwana wawo akudikira ndi galimoto panja. Chikuku chowakankhira chinali chitaima kumapazi. A Dalaivala anali atakhala tsonga atatsamira mapilo, atavala malaya a buluu amene ndinasita ine. Anali atavala mkono wamanja wokha, mbali inayo ikungolendewera kumbuyo, ndipo panalibe amene anaona. Ndinanyamula dzanja lofooka lija n'kuyamba kulilowetsa m'mkono mwa malaya. Linali lolemera, lofunda, losalala ndi mafuta anga.

"Alamu," anatero achemwali awo tsidya lija, mawu ali ofewa ngati akundichitira chifundo, "mundipatse makiyi a kunyumba ndikatengeko zovala zawo zina. Inu muzibwera Lamulungu, tizikulandirani."

Ndisanatsegule pakamwa, amuna anga anayankha. "Musavutike nawo amenewo, achemwali. Munthu wolephera kubwera kuchipatala angabwere kwanu? Ndinadzinamiza ndekha zaka zonsezi. Tiyeni, tinyamuke."

Zaka zonsezi! Ine amene ndinkawadikira ndi madzi otentha akachokera ulendo wautali. Ine amene ndinawabalira ana, ndinapirira za mphaka, ndatupa zala n'kuwenga zikhadabo za munthu amene akuti dzanja si lake. Sindinaganize za basi, sindinaganize za a Sajeni. Ndinkangofuna kuswa chinthu, ndipo chapafupi chinali kabati yachitsulo ija. Dzanja langa linachita lokha mmene linazolowerera.

Pha! Pha!

"Nyamukanitu!" ndinakuwa. "Pitani! Akukuletsani ndani?"

Kapu inagubuduka pakabati n'kugwa pansi.

Ndipo mutu wa a Dalaivala unayamba kuyenda. Dzanja lawo lamanja linali litafumbata bulangeti monga ankagwirira chiwongolero. Mutu unachoka kuwindo, unadutsa zikwama, unafika pakati pamene unkaima nthawi zonse. Unanjenjemera. Mitsempha ya m'khosi inatuluka.

"Achimwene..." anayamba alamu.

"Shhh!" A Sajeni anali atafika pakhomo atamva phokoso. Sanakweze mawu, koma alamu anameza zotsalazo.

Mutu unadutsa pakati. Maso anakwera pang'ono m'mwamba, pamene pamakhala galasi, ndipo atapeza kuti palibe anatsika. Anaona tepi yofiira imene ndinali nditamatanso. Anaona mpando wapulasitiki, juzi yanga itakolekedwa pamenepo, masilipasi anga pansi, beseni, botolo la mafuta lotsala pang'ono kutha. Anaona dzanja lili theka m'malaya, ndi dzanja lina litaligwira. Anatsatira dzanja linalo mpaka anandipeza.

"Kondakitala," anatero.

Dzina limenelo anasiya kundiitana nalo ana asanabadwe.

"Wakhala pamenepo kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene munagwa, bambo osamva inu! Mumaganiza kuti mpunga umadziphika wokha?" Ndinali kulira tsopano, ndipo kulirako kunkandikwiyitsanso.

Anayang'ana botolo lija nthawi yaitali. Kenako dzanja lija, ndi mphete. "Ili ndi langa?"

"Lingakhale la ndani? Alipo wina wa zikhadabo zoipa chonchi?"

Ndinaona manyazi akuwakwera kumaso, manyazi a munthu amene wakumbukira zonse zimene wakhala akunena, ndipo sindibisa, ndinawasiya awamve pang'ono.

"Achemwali," anatero, koma osatembenuka, maso ali pa ine ngati munthu wonyamula madzi odzaza m'mbale. "Tsitsani zikwama."

"Achimwene, galimoto ikudikira. Tandiyang'anani."

"Sindingakuyang'aneni. Ndikatembenuka asowanso."

A Sajeni anabwera n'kuima kumbuyo kwanga, kuti awaone pamodzi ndi ine. "A Dalaivala, ndikufuna ndimve bwinobwino. Mukutuluka lero. Mukupita kuti?"

"Kwanga," anatero. "Ndi uyu."

Anagwira choncho kwa kanthawi, thukuta likutsika m'tsaya losametedwa bwino lija. Kenako khosi linatopa. Ndinaona mutu ukubwerera pang'onopang'ono, iwo akulimbana nawo, maso akundikakamira mpaka pomaliza. Unadutsa pakati, n'kukaima kuwindo.

"Ali kuti?" Mawu awo anali a mwana wotayika pamsika. "Anali pompano. Achemwali, ali kuti?"

Alamu anga anayang'ana achimwene awo, anayang'ana ine. Kenako ananyamula kawailesi kawo n'kundipatsira pamwamba pa bedi, osandiyang'ana kumaso. "Ali mbali inayo, achimwene," anatero. "Afuneni."

"Zizichitika chonchi," a Sajeni anandinong'oneza. "Mwina miyezi. Mwina sizidzatheratu."

"Ndamva," ndinatero.

Chikhatho changa chinali chitafiira, chikuyaka ngati ndagwira simbi. Ndinachipukutira pa siketi, ndinamenyanso kabati ija kawiri, n'kudikira.